Mwaithimitsiranji Nkhalamba ya m'Galimoto?

Khalani pansi nonse, adzukulu inu. Mafoniwo muwaike chafufumimba pamkekapo, ndisaone kuwala. Inu amene muli kutali, ku Leeds ndi ku Johannesburg, kalatayi ikupezani komweko, ndipo musaithamangitse ndi chala monga mumachitira ndi mauthenga anga a pa WhatsApp. Musamayese sindiona. Timizere tiwiri tija timasanduka tabuluu, koma yankho ndimalidikira mpaka nkhuku kulowa m'khola. Lero bwalo lakhala. Wodandaula ndine, mboni ndine, woweruza ndinenso. Amene sakhutira akasume kwa agogo anu aakazi, ngakhale ndikuchenjezeretu kuti iwo ali mbali yanga.

Mlandu unayambira ku Heathrow. Madalitso, mwana wa mwana wanga wachisamba, ananditumizira tikiti kuti ndikaone kumene amagwira ntchito yake ya unamwino. Anandilandira mwaulemu, pamenepo sindinama: jekete lokhuthala anabweretsa, chikwama anandilandira, moni anapereka ndi manja awiri azungu akuona. Tinalowa m'galimoto yake yatsopano, yonunkhira ngati nsapato za m'sitolo. Ine kutsogolo, mkazi wake kumbuyo pamodzi ndi kamdzukulutuvi kanga Tamanda, ka zaka zisanu. Mnyamata uja anadina kabatani, galimoto n'kudzuka, kiyi ali m'thumba. Ndinati tsopano tinyamuka. Ayi ndithu. Anayamba kutosa galasi lalikulu ngati thireyi limene lili pakati pa dashibodi. Tosu apa, tosu apo, tosunso apo.

"Kodi ukutumiza ndalama kwa yani?" ndinafunsa.

"Ayi agogo, palibe kanthu."

Koma mwana alibe nkhokwe yosungira chinsinsi. Kumbuyo kuja kunamveka kamawu, m'Chichewa chake chopindikapindika chija: "Adadi akuthimitsa agogo!"

M'galimoto munangoti zii. Amake Tamanda anayang'ana pawindo ngati kunja kukudutsa njovu.

Nditapanikiza, zinaululika. M'galimotomo muli chipangizo chimene chimalondera kuti woyendetsa asatuluke mumzere wake. Eni ake amachitcha lane keeping assist. Koma banja la mdzukulu wangayu linachipatsa dzina lina: agogo. Chifukwa chake? Akuti n'cholongolola. Akuti chimalowerera nkhani zosachikhudza, chimadzudzula munthu asanalakwe n'komwe, ndipo ungachithimitse bwanji, mawa chadzukanso ndi nkhani yomweyomweyo.

Ndinameza malovu. Ine amene ndinatenga laisensi mu 1969, tikulandirabe malipiro m'mapaundi ndi mashileni, Kamuzu asanakhale n'komwe pulezidenti wamuyaya. Ine amene ndayendetsa Bedford yoliza ndi handulo, ndakwera Chiweta nditasenza feteleza, ndadutsa ku Tete pa mdipiti wa malole woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe nkhondo ya ku Mozambique ili pakati. Lero dzina langa lapatsidwa kwa kabatani kothimitsa. Chabwino. Poti mwatimanga pachibale, ine ndi chipangizocho, ndiyenera kumuyankhulira mbale wanga.

Ndinayamba ndamuyendera kaye kuti ndimudziwe. Kuseri kwa kagalasi koonera zam'mbuyo kaja, chogundana ndi galasi lakutsogolo, kuli kamera yaing'ono ngati diso la nkhuku. Imayang'ana mizere yoyera ya pamsewu, kakompyuta n'kumawerengera kuti tayala latsala pang'ono bwanji kuponda mzere. Ukayamba kusendera kumbali usanayatse indiketa, kamaganiza kuti wasinza kapena maso ali kwina, ndiye kamakuchenjeza. M'galimoto zina kamalira tii-tii-tii, mwina kamanjenjemeretsa chiwongolero. A Citroën a ku France anafika poika chonjenjemeretsa mumpando, kuti uthenga ukufike kudzera pamene wakhalira. Ukapanda kumva, kamota kamagetsi kamene kamafewetsa chiwongolero kamachipotoza pang'ono, galimoto n'kubwerera m'njira yake. Mphamvu yake ndi ya kamwana. Dzanja la munthu amene ali maso limaigonjetsa mosavuta. Ndipo m'tauni, pa liwiro la kamba, mbale wangayu amangokhala duu. Amadzuka galimoto ikafika makilomita 60 kapena 65 pa ola.

Komanso musamachite ngati ndi nzeru ya m'badwo wanu. Ku Ulaya chinayambira m'malole, kwa ife eni msewu: mu 2000 malole a Mercedes-Benz Actros anali atayamba kuchenjeza oyendetsa. Mu 2001 a Nissan anachiika mu Cima ku Japan, a Honda n'kutsatira mu Inspire mu 2003. Nthawi imeneyo iwe Madalitso n'kuti ukuthawabe kusamba.

Tisanalowe mumsewu waukulu ndinalamula kuti agogowo adzutsidwe. Kumenekonso ali ndi M1 wawo, wochoka ku London kukafika ku Leeds, umene chigawo chake choyamba chinatsegulidwa mu 1959. Wathu uja wochoka ku Songwe kutsetsereka mpaka ku Nsanje ndi mnzake wa dzina. Ali ngati ana a bambo mmodzi, koma wina analeredwa ndi amalume olemera. Mizere yake yoyera mbee, ndipo usiku pamawala timagalasi totchedwa maso a mphaka, timene anatulukira Percy Shaw wa ku Halifax, pafupi pomwepo ndi kwa Madalitso, mu 1934. Anthu amenewa anayamba kalekale kuopa munthu wosochera mumzere.

Tinapeza lole patsogolo. Madalitso anangopotoza kumanja kuti aipitirire. Ndinaona ndi maso angawa chiwongolero chikunjenjemera, kenako chikukana ngati mbuzi yopita kumsika.

"Mwaonatu agogo! Ndi zimenezi ndimanena. Chimalimbana nane!"

"Indiketa unayatsa?"

Anatsokomola.

"Ndati, indiketa unayatsa?"

"Kumbuyo kunalibe galimoto, agogo."

Pa lole yachiwiri ndinati ayatse. Phethi, phethi, phethi. Galimoto inasuntha ngati bwato panyanja ya bata, mbale wanga uja osatsegula pakamwa. Theka la mlandu linathera pomwepo. Vuto lanu ana inu ndi kandodo kaja kali m'mbali mwa chiwongolero, kamene kamafuna chala chimodzi chokha. Chala chomwecho chimatosa foni kambirimbiri pa tsiku osatopa, koma kukankha indiketa akuti ndi ntchito. Ife tinkatulutsa mkono wonse pawindo, mvula ili pakati: kuwongola ndiye kuti ndikukhotera kumanja, kuzunguliza ndiye kuti kumanzere, kukupiza ndiye kuti ndikuchepetsa liwiro. Pa mayeso a laisensi ukaiwala kamodzi, woyesa ankangotseka buku lake, iwe n'kubwerera kwanu ndi manyazi.

Chimene chimamupweteka kwambiri mdzukulu wangayu n'choti achithimitse lero, mawa chadzuka. Amayesa galimotoyo ndi yamakani. Si makani, ndi lamulo. Mayiko a European Union anagwirizana mu 2019 kuti kuyambira Julayi 2022 mtundu uliwonse watsopano wa galimoto uzikhala ndi chipangizo chobwezera galimoto mumzere, ndipo kuyambira Julayi 2024 galimoto yatsopano iliyonse yogulitsidwa kumeneko. Lamulo lomwelo limati chizidzuka chokha nthawi iliyonse galimoto ikalizidwa. Dziko la Britain linatuluka m'bungwelo mu 2020, koma opanga galimoto sangaumbe mphika wapadera chifukwa cha nyumba imodzi; ndiponso a Euro NCAP, amene amagawa nyenyezi za chitetezo, amafuna zomwezo. Olemba lamuloli ankakudziwani. Ankadziwa kuti atakupatsani batani lothimitsa kamodzi basi, simudzalikhudzanso mpaka galimoto idzagulitsidwe.

Mwano umenewu si wa Madalitso yekha, ndinapeza kuti ndi mliri. Mu 2019 kampani ya J.D. Power ya ku America, imene imafunsa eni galimoto maganizo awo, inapeza kuti anthu 23 mwa 100 alionse okhala ndi chipangizochi ankati chimawasowetsa mtendere, ndipo mwa odandaulawo, 61 mwa 100 ankachithimitsa nthawi zina kapena nthawi zonse. Mukudziwa anachifanizira ndi chiyani? Kholo lolongolola. Ndinaseka mpaka kutsamwa tiyi. Ndiye kuti ku America nakonso nkhalamba zikuthimitsidwa.

Koma imvani mbali inayo. Komweko kuli bungwe la IIHS, loikidwa ndi makampani a inshuwalansi, anthu amene sakonda kulipira ngozi mwachisawawa. Mu 2017 linawerengera ngozi zenizeni: zija zogwera kutchire wekha, zokhulana m'mbali, ndi zowombana mphuno ndi mphuno. Kwa galimoto zokhala ndi chochenjeza, ngozi zoterezi zinachepa ndi 11 pa 100, ndipo zovulaza anthu zinachepa ndi 21 pa 100. Komatu masiku amenewo pafupifupi theka la oyendetsa linkayenda chili chothimitsa! Pofika 2024 bungwe lomwelo linapeza kuti m'galimoto 87 mwa 100 chinali choyaka. Chinasintha n'chiyani? Mwa zina, opanga ambiri anasiya kulira kuja, n'kuyamba kunjenjemeretsa chiwongolero mwakachetechete. Apa ine ndinatolapo kanthu. Mwamuna sadana ndi kudzudzulidwa kwenikweniko. Chimamuwawa n'kudzudzulidwa mkazi wake akumva. Tii-tii-tii uja amamva galimoto yonse, apongozi omwe, pamene kunjenjemera kumamva mwini manja yekha. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma azitsinira kuseri kwa nyumba. Ine ndiye ndachedwa kuphunzira. Ndine wa mtundu wakale uja wolira tii-tii-tii pagulu, ndipo mundipirira choncho.

Tsopano sendererani pafupi, ndinene chimene agogo anu aakazi akuchimva lero koyamba.

Munali mu 1993, chaka cha riferendamu. Ndinanyamuka ku Kanengo usiku ndi lole yodzaza chimanga, ulendo wa ku Blantyre, nditagona maola atatu okha dzulo lake. Masiku amenewo lole iliyonse inali ndi lole boyi, mnyamata womanga tenti, woika mwala kutayala pachitunda, wophika nsima pambaula m'mbali mwa msewu. Wanga anali Jailosi, wowonda ngati bango, wosayankhulayankhula. Tinadutsa Dedza, tinatsika Ntcheu, tinapitirira pa Chingeni cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Amene mumaudziwa msewu wa ku Phalula mukudziwa mmene ulili: kutentha ngakhale usiku, injini ikung'ung'udza nyimbo imodzimodzi, milambe ikudutsa ngati anthu oimirira pamaliro. Ndikulumbira kuti maso anga anali otsegula. Msewu ndinkauona. Kenako ndinamva ululu pantchafu ngati ndalumidwa ndi chinkhanira, ndipo chiwongolero chinali m'manja atatu. Jailosi anali atanditsina ndi dzanja limodzi, linalo akukokera lole kumanzere.

Mukudziwa ndinati chiyani? "Iwe, wakuloleza ndani kugwira chiwongolero changa? Wagona ndani?"

Sanayankhe. Anangoti, "Bwana, taimani ndikataye madzi." Titaima anatenga tochi n'kuyamba kuyenda chobwerera, ine pambuyo ndikulalatabe. Anaunika pansi. Matayala athu anali atalemba m'fumbi la kumanja kwa msewu, titadutsa kale mbali yonse ya anzathu ochokera ku Blantyre, ndipo pamene anapindikira panali patatsala mapazi asanu kufika pa mlambe. Anazimitsa tochi osanena kanthu. Sindinamuthokoze. Ndinamugulira tiyi ndi sikono pa Zalewa, n'kumauza mtima wanga kuti ndathokoza. Jailosi anatisiya kalekale, ndipo zikomo uja ndikadali naye m'kamwa.

Ndiye pamene ndinakumva iwe Madalitso ukuti "chimalimbana nane", ndinamva mawu anga a pa Phalula. Tulo ta pachiwongolero sitigogoda. Timangolowa, n'kuba masekondi awiri kapena atatu maso ali tong'o. Pa M1 wanuyo mumathamanga mamailosi 70, amene ndi makilomita 112 pa ola. Sekondi imodzi ndi mamita 31. Masekondi atatu, wadutsa pafupifupi bwalo lonse la mpira iwe uli kumudzi kutulo. Ndipo iwe umagwira ntchito usiku, maola 12 uli chilili pa wodi, m'mawa n'kuyendetsa kubwerera kunyumba maso ali psuu. Ndinakuona ine ukulowa m'nyumba, n'kugona pampando nsapato imodzi ili kuphazi. Lole boyi ulibe. Jailosi wako ndi yemwe umamuthimitsa m'mawa uliwonseyo. A World Health Organization, mu lipoti lawo la 2023, anati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafera pamsewu chaka chilichonse, ndipo kwa a zaka 5 mpaka 29 palibe nthenda imene imapha kuposa msewu. Inu mukabwera kumudzi mumaopa udzudzu, mumaopa madzi a pachitsime, ena mumaopa ndi azakhali omwe. Koma chiwongolero mumachigwira ndi zala ziwiri.

Musaseke inu enanu, mlandu wanu ukubwera, ndipo ndi waukulu kuposa wa mkulu wanuyu. Tadala, mkazi wanga wa ku Johannesburg, unanditumizira kanema uli pa N1, dzanja limodzi lagwira foni, linalo likundibayibitsa, ukuti, "Agogo onani, ikudziyendetsa yokha!" Agogo ako aakazi ataona anagwira kumutu. Chako ndi cha mtundu wina, chija chosunga galimoto pakatikati pa mizere nthawi zonse, osati chongobweza ukalakwa. Koma nachonso buku lake limanena kuti manja asachoke pachiwongolero, n'chifukwa chake pakapita masekondi ochepa chimayamba kukuwa. Ndamva kuti anzanu ena amapanikiza lalanje kapena botolo la madzi pachiwongolero, kuti galimoto iziyesa ndi dzanja. Lalanje! Munthu kukhala pasukulu zaka 16 kuti ntchito yake adzaisiyire chipatso.

Mu Meyi 2016 ku Florida bambo wina anafera mu Tesla imene anaisiyira chiwongolero. Lole inadutsa mopingasa patsogolo, galimoto osaiona, mwini wake osaionanso. Mu Disembala 2023 kampaniyo inakakamizika kukonza galimoto pafupifupi 2 miliyoni ku America kuti zizilondera bwino ngati woyendetsa ali tcheru. Ndipo bungwe la oyendetsa galimoto la AAA litayesa zipangizozi pa mvula yochita kupanga mu 2021, galimoto zinatuluka mumzere maulendo 69 mwa 100. Diso la nkhuku lija mvula ikagwa limaona monga ndimaonera ine ndikaiwala mandala. Jailosi ankandilondera, koma sindinayambe ndamusiyira lole n'kukagona kumbuyo pamatumba.

Iwe Yamikani wa ku Area 25, ndakuona ukuyasamula, ukuti zimenezi ndi za kunja. Galimoto yako ija unaitanitsa ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ili ndi mbale wanga yemweyo. Zochuluka ndithu zopangidwa kuyambira cha m'ma 2015 zikubwera naye; yang'anani kabatani kojambulidwa galimoto ili pakati pa timizere tiwiri, pena polembedwa LDA, pena LKAS. Koma poti dashibodi yonse imalemba Chijapani, kuphatikiza mayi uja amene amayankhula m'mawa uliwonse osayankhidwa, iwe utamva tii-tii-tii pa phula latsopano la ku Kasungu unathamangira kwa makaniko kuti galimoto yadwala. Makanikoyo, pansi pa mtengo wa mango, anagwedeza mutu mwaukatswiri, anazula kawaya kuseri kwa kagalasi, kanyali kamene kanatsala kakuyaka n'kumatapo tepi yakuda, iwe n'kulipira mothokoza. Ndipo galasi lakutsogolo likasweka ndi mwala mumangoika lililonse lokwana, osadziwa kuti kamerayo imafunika kuilunjikitsanso ndi makina. Ikapotoka pang'ono imaona mzere pamene palibe. Ena mwamata mapepala a inshuwalansi ndi COF mpaka kuphimba diso lake lenileni.

Komabe apa ndiyankhule chilungamo, mungati woweruza wakondera mbale wake. Pamisewu yathu yambiri mbale wangayu ndi wakhungu. Akufuna mzere, mzerewo uli kuti? Penti inapakidwa sabata yodula riboni, ndipo inapita ndi mvula zitatu. M'mphepete phula linadyeka ngati chigumu cholumidwa ndi ana. Pa Lizulu tsiku la msika mzere wa m'mbali uli pansi pa kabichi ndi mbatata ya kachewere. Ndipo kuno kutuluka mumzere ndiye kuyendetsa kwabwino: uzembe dzenje, upatse malo wanjinga wosenza matumba atatu a makala, ulambalale ngolo, mbuzi ndi mwana wa sukulu. Kamera singadziwe kuti wakabazayo akhotera kumanja osacheuka. Zimenezo amadziwa ndi munthu amene waona phewa lake likupendekeka.

Ngakhale kwa eni ake komweko amaphonya. Lamlungu lina Madalitso anatitengera kumidzi ya ku Yorkshire, kumene timisewu n'topapatiza ngati njira ya kudambo, uku mpanda wamiyala, uku mpanda wamiyala, nkhosa zili mbuu m'mapiri, koma malamulo n'kumalola mamailosi 60. Pakona pena panatulukira thirakitala. Mnyamata anasendera kumanzere mpaka kuponda mzere wa m'mphepete, monga aliyense wanzeru akanachitira. Mbale wanga uja, poona mzere ukupondedwa, anakankhira chiwongolero kumanja, kumene kunali thirakitala. Kanali kamphamvu kochepa, Madalitso anakagonjetsa nthawi yomweyo, koma mtima wanga unali utafika kale kukhosi. Amene anakuwa m'galimotomo ndi ine:

"Thimitsa agogowo!"

Anaseka mpaka kuimitsa galimoto pambali, ndipo Tamanda anaiimba nyimbo imeneyo sabata yonse. Ndikuvomera, nkhalamba nayo imalakwa. Imaona phula lomatira ming'alu n'kuliyesa penti. Pamalo pamene akukonza msewu, mizere yakale ndi yatsopano itapingasana, imazunguzika ngati mlendo pamphambano. Pamenepo odandaula ali ndi mfundo. Opanga nawonso ndili nawo mawu: kubisa batani m'kati mwa galasi, kuti munthu atose katatu maso atachoka pamsewu, ndi nzeru yanji imeneyo? A Euro NCAP omwe aja ananena kuti kuyambira 2026 galimoto yofuna nyenyezi zisanu izikhala ndi mabatani enieni, ogwirika ndi dzanja, a indiketa, hutala, mawaipa ndi mahazadi. Sukulu yonseyi kuti abwerere pamene panali Bedford yanga.

Koma kuphonya kamodzi pakona ya ku Yorkshire si chifukwa chomuthimitsira pa M1. Ine lamba wa pampando ndinamukana zaka zambiri. Ndinkati pangozi adzandilepheretsa kudumpha. Nils Bohlin wa ku Volvo anapanga wamakonoyu mu 1959, ku Britain anayamba kukakamiza anthu mu 1983, ine ndinagonja nditalipira chindapusa kawiri. Lero ndikakhala m'galimoto osamanga lamba ndimamva ngati ndaiwala thalauza.

Chigamulo nachi. Madalitso, kumidzi ya mipanda yamiyala ija thimitsa, ndakuloleza, ndipo ukamatero usamayang'ane kumbali ngati wakuba. Koma pamsewu waukulu, makamaka m'mawa uja ukuchokera ku wodi, chala chako chisayandikire galasi limenelo. Chiwongolero chikanjenjemera kawiri motsatizana usakangane nacho monga ndinachitira ine pa Phalula. Patukira pamalo opumira, tseka maso mphindi 20, kenako uzipita. Indiketa uziyatsa ngakhale kumbuyo kuli mphepo yokha. Tadala, manja onse awiri pachiwongolero; ndikadzaonanso kanema wotere, mbuzi ija ndinakusungira ndidzaipereka kwa mng'ono wako. Yamikani, bwerera pansi pa mtengo wa mango paja akalumikize kawaya kaja, tepi umatule, ndipo foni yakoyo imamasulira Chijapani ukailozetsa pa dashibodi. Anandisonyeza ndi mwana wa zaka zisanu. Chindapusa chonyoza dzina langa ndi nkhuku imodzi aliyense, yamoyo, yolira, osati yotumiza pafoni.

Dzinalo musalisinthe, ndalilandira. Koma dziwani kuti pampando wa kumbuyo ndasiyapo kazitape. Ine ndi Tamanda tinapangana kuti Lamlungu lililonse pafoni azindiuza kuti agogo athimitsidwa kangati sabata imeneyo, ndiponso pamsewu uti. Malipiro ake ndi malambe, ndipo phukusi loyamba ndapereka kale kwa amalume ake amene akukwera ndege Lachinayi.